Musanachotse mafuwa, yambani mwamuyesa mmisiri

Nkhuni zasanduka katundu wogula m'midzi yambiri ya ku Magomero, monga momwe timagulira mchere ndi sopo. Amayi omwe kale ankatola nkhuni kuseri kwa nyumba, lero akumalawira m'mamawa n'kubwerako dzuwa lili paliwombo atasenza kamtolo kosatha sabata. Mabanja ena akuphikira mapesi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. N'chifukwa chake nkhani ya mbaula zosatha nkhuni yafika pafupifupi m'mudzi uliwonse. Mabungwe akubwera ndi mbaula zaulere, magulu a amayi akugulitsa zoumba m'misika, ndipo anyamata ena akuyenda khomo ndi khomo kunena kuti amadziwa kumanga mbaula ya njerwa. Funso lomwe alimi ambiri mumatifunsa ife alangizi ndi lakuti: tisankhe mbaula iti, nanga mmisiri weniweni timudziwa bwanji?

Mbaula imapulumutsa nkhuni pokhapokha ngati yamangidwa pa muyeso woyenera, ikugwirizana ndi miphika komanso nkhuni za pakhomo panu, ndipo pali munthu woti adzaikonze ikang'aluka. Zinthu zitatuzi zili m'manja mwa amene akukumangirani. Mukalakwitsa posankha mmisiri, mbaula yokongola imasanduka pogona mphaka, ndipo mayi wa pakhomo amabwerera ku mafuwa ake atatu.

Chifukwa chake nkhaniyi yakula

Kalembera wa anthu wa mu 2018 adapeza kuti boma la Chiradzulu lidali ndi anthu 356,875. Mukawagawa pa kukula kwa bomali, pa sikweya kilomita iliyonse padali anthu oposa 450, pomwe dziko lonse lidali ndi anthu 186 pa malo ofanana nawo. Kuchepa kwa malo kuno sikudayambe dzulo. Dera la Magomero lidali esiteti yaikulu ya A.L. Bruce m'nthawi ya thangata, ndipo kuyambira kale anthu akhala akulima timinda tating'onoting'ono. Munda ukachepa, mtengo ndi umene umayamba kugwa, chifukwa mlimi amafuna mzere uliwonse ukhale wa chimanga.

Kalembera yemweyo adaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa mabanja 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Mzinda wa Blantyre uli pafupi nafe, ndipo makala ndi nkhuni zomwe zimadyedwa kumeneko zimachokera m'maboma oyandikana nawo. Mu 2020 lamulo la zankhalango lidakonzedwanso ndipo zilango zidakwera: wopezeka akuotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala popanda chilolezo akhoza kulipitsidwa mpaka K5 miliyoni komanso kukakhala kundende mpaka zaka 10. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwa mphamvu ndi 44 pelesenti, zomwe zidakweza mtengo wa gasi wophikira, malata, simenti ndi zitsulo. Kwa mlimi wamba, njira yophikira ndi magetsi kapena gasi idatalikiranso.

Tonse tikukumbukiranso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pomwe matope ndi miyala zidatsika m'phiri n'kukwirira nyumba m'mudzi wa Ntauchira m'boma lathu lomweli. Mvula ija idali yoposa muyeso, komabe phiri lopanda mitengo siligwira nthaka ngati lomwe lili ndi mitengo.

Palinso mbali ina yomwe imakhudza munda wanu mwachindunji. Mapesi omwe mukuphikira nsima ndi omwe mukadaphimbira nthaka kuti isunge chinyezi, kapena kupangira manyowa. Pomwe feteleza wakwera mtengo chonchi, banja lomwe limatentha mapesi onse pamoto likutentha chakudya cha nthaka yake. Choncho mbaula yabwino ndi chida cha ulimi chimodzimodzi khasu.

Zomwe taphunzira pa ndalama za kaboni

Mu 2013 boma la mayi Joyce Banda lidalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zamakono 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo mwa Amalawi, ndipo kumapeto kwa 2020 zidalengezedwa kuti chiwerengerochi chakwana. Kuchokera pamenepo, ntchito zambiri zogawa mbaula zimayendetsedwa ndi ndalama za malonda a kaboni. Malondawa amayenda chonchi: kampani imakupatsani mbaula, n'kuwerengera kuchuluka kwa nkhuni zomwe mukupulumutsa pa chaka, kenako n'kuwerengera utsi womwe sudapite mumlengalenga. Chiwerengero chimenecho amachigulitsa kwa makampani a kunja omwe amatulutsa utsi wambiri. Ndiye kuti mbaula yomwe mwalandira mwaulere imabweretsa ndalama kwa wina chaka ndi chaka, malinga ngati mabuku ake akuonetsa kuti mukuigwiritsa ntchito.

Palibe cholakwika ndi malonda otere akamachitika moona mtima. Boma nalo lidakhazikitsa ndondomeko yake ya malonda a kaboni mu Juni 2023. Koma mu Okutobala 2024 oimira boma pa milandu ku New York m'dziko la America adatsegulira mlandu Kenneth Newcombe, yemwe adali mkulu wa kampani ya C-Quest Capital, pomuganizira kuti iye ndi anzake adasintha ziwerengero za kafukufuku wa mbaula, kuphatikizapo za ku Malawi ndi Zambia, kuti zioneke ngati mbaulazo zikupulumutsa nkhuni zambiri kuposa momwe zidalili. Newcombe adakana mlanduwo. Bungwe la Verra, lomwe limalembetsa malonda a kaboni, lidafafaniza ziphaso za kaboni zokwana pafupifupi 5 miliyoni za ntchito za kampaniyo.

Phunziro kwa inu alimi ndi ili: wogawa mbaula amapindula ndi chiwerengero cha mbaula zomangidwa, pomwe inu mumapindula pokhapokha mbaulayo ikamaphika bwino. Omanga akamalipidwa pa mbaula iliyonse yomwe amaliza, ena amathamanga kuti amange zambiri pa tsiku. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kaya mbaula ndi yaulere, kaya mwalipira ndi ndalama za nandolo wanu, muli ndi ufulu wofunsa mafunso ndi kukana ntchito yosalongosoka, chifukwa khitchini ndi yanu.

Dziwani mtundu womwe ukukuyenerani

Musanaitane mmisiri, khalani pansi ngati banja, ndipo mawu a amene amaphika tsiku ndi tsiku akhale oyamba kumveka. Abambo ambiri amagwirizana ndi mmisiri okha, koma amene adziwe ngati poto akugwedera pophika nsima ndi mayi. Yankhani mafunso awa: mumaphikira anthu angati? Mumagwiritsa ntchito mapoto a kukula kotani? Mumaphikira m'khitchini kapena panja? Nkhuni zanu ndi zotani, zikuni zowaza kapena tinthambi ndi mitengo ya nandolo? Kodi mumasamukira kudimba kapena kumunda nthawi zina?

Mtundu woyamba ndi Chitetezo Mbaula, youmba ndi dothi la mtapo n'kuotcha mu uvuni ngati mphika. Idayamba kufala kuchokera ku Mulanje, ndipo amaumba kwambiri ndi magulu a amayi. Ubwino wake ndi wakuti imanyamulika: mvula ikabwera mumalowa nayo pakhonde, nthawi yotentha mumatuluka nayo panja. Imalandira bwino tinkhuni ting'onoting'ono, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, zomwe ndi nkhuni zenizeni za kuno. Ikagwiritsidwa ntchito bwino imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni poyerekeza ndi mafuwa. Kuipa kwake n'kwakuti imaphika mphika umodzi pa nthawi imodzi, imasweka ikagwa, ndipo siyenera mphika waukulu wa thobwa.

Mtundu wachiwiri ndi mbaula yomangira pansi ndi njerwa ndi dothi. Yodziwika kwambiri ndi Changu Changu Moto, yomwe bungwe la Ripple Africa lidayambitsa ku Nkhata Bay. Imamangidwa ndi zidina 26 ndi matope, ndipo ili ndi malo a miphika iwiri, kotero nsima ndi ndiwo zimapsa nthawi imodzi. Palinso ina ya njerwa yomwe idafalitsidwa ndi bungwe la Total LandCare, yokhala ndi tizitsulo tothandiza kukhazika poto ndi kuika nkhuni. Mbaula zoterezi n'zolimba pophika nsima ndipo zipangizo zake zambiri zimapezeka pakhomo. Koma zimafuna khitchini yofolera bwino, chifukwa dothi losaotcha likanyowa limasungunuka. Apa ndi pomwe luso la mmisiri limafunika kwambiri.

Mtundu wachitatu ndi mbaula zikuluzikulu, monga zomwe amaphikira phala m'sukulu. Izi n'zoyenera amene amaphika thobwa kapena zitumbuwa zogulitsa, mipingo, ndi magulu osamalira ana. Mbaula yotere imamangidwa molingana ndi mphika umodzi, womwe umamira m'kati mwake. Muyambe mwagula mphikawo, mmisiri ayese mbaula pa mphikawo. Mukasemphanitsa, mudzavutika kufuna mphika wolowa bwino.

Kwa alimi a ng'ombe za mkaka, omwe ndi ambiri m'Chiradzulu, palinso njira yophikira ndi gasi wochokera ku ndowe. Imafuna ng'ombe ziwiri kapena kuposerapo zodyera m'khola, madzi okwanira tsiku ndi tsiku osakanizira ndowe, komanso ndalama zambiri poyamba. Thanki yake ikangoboola pang'ono gasi yense amathawa, choncho musapereke ntchito imeneyi kwa womanga nyumba wamba yemwe sadaphunzirepo kamangidwe kake.

Chinsinsi chili pa muyeso

Kuti muthe kuyesa mmisiri, muyenera kudziwa chomwe chimapangitsa mbaula kupulumutsa nkhuni. Pa mafuwa atatu, kutentha kochuluka kumathawira m'mbali ndipo mphepo imakankha moto kuchoka pa mphika. Mbaula yabwino imachita zinthu zitatu: imalowetsa mpweya wokwanira pansi pa nkhuni kuti zipse bwino, imasunga kutentha m'kachipinda ka moto, ndipo imakakamiza malawi kukhudza pansi ndi m'mbali mwa mphika asanatuluke.

Choyamba ndi khomo la nkhuni. Pa mbaula ya pabanja, khomoli likhale laling'ono, pafupifupi masentimita 12 m'lifupi ndi 12 m'litali mwake, lokwanira tinkhuni titatu kapena tinayi. Khomo likakula, mumalowa mpweya wozizira wambiri ndipo wophika amakopeka kudzaza zikuni. Nkhuni zisagone pansi penipeni. Pakhale kanjerwa kapena kachitsulo kozikweza kuti mpweya uzidutsa kunsi kwake.

Chachiwiri ndi kachipinda komwe malawi amakwereramo kupita ku mphika. Pa mbaula zomwe moto umakhota n'kukwera m'mwamba, kutalika kwa kachipindaka kukhale pafupifupi kawiri ndi theka kapena katatu kukula kwa khomo, ndipo kukula kwake kukhale kofanana ndi kwa khomolo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Kakafupika, utsi umafika pa mphika usanapse ndipo mphika umada ndi mwaye. Kakatalika kwambiri, moto umafika pa mphika utafooka.

Chachitatu ndi mpata wa pakati pa mphika ndi mbaula. Mphika usatseke kamwa la mbaula, chifukwa moto umabanika n'kuyamba kufuka. Pansi pa mphika pakhale mpata wa zala ziwiri. Ngati mphika umamira m'kati, mpata wa m'mbali ukhale wa chala chimodzi mozungulira monse. Mpata ukakula, kutentha kumadutsa osakhudza mphika, ndipo mwangomanga mafuwa okhala ndi khoma.

Chachinayi ndi dothi. Dothi la mchenga wambiri limayoyoka, la makande okhaokha limang'aluka likamauma. Amisiri odziwa amasakaniza dothi la pachulu kapena la mtapo ndi mchenga pang'ono, ena amaonjezera utuchi, udzu wodula kapena ndowe, n'kuliponda bwino ndi kulisiya ligone lisanagwiritsidwe ntchito. Simenti siyenera malo okhudzana ndi moto chifukwa imasweka ndi kutentha. Mmisiri wokuuzani kuti mugule matumba a simenti omangira m'kati mwa mbaula, dziwani kuti ndi womanga nyumba, za mbaula sadaziphunzire.

Momwe mungamuyesere mmisiri

Safunsa adadya phula. Mafunso otsatirawa sakunyoza munthu, ndipo mmisiri weniweni amasangalala kuwayankha.

Mufunseni komwe adaphunzira. Akatchula bungwe kapena gulu, fufuzani kwa mlangizi wa zaulimi, wa zankhalango kapena wa chitukuko cha m'madera, kapenanso ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, kaya ndi Mombezi, Thumbwe kapena Mbulumbuzi. Alimi otsogola ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi amadziwanso amene adaphunzitsidwapo.

Muuzeni akuonetseni makomo atatu komwe adamanga mbaula yomwe yatha chaka kapena kuposerapo. Mbaula yatsopano iliyonse imaoneka bwino, yomwe yadutsa m'dzinja ndi imene imanena zoona. Pitani nokha, iye palibe, makamaka nthawi yophika. Gwirani mbaulayo muone ngati ili yofunda. Onani ngati muli phulusa latsopano. Yang'anani kuseri kwa khitchini ngati pali mafuwa akuda ndi moto wa dzulo. Funsani mayi wa pakhomopo ngati mmisiriyo adabweranso mbaula itang'aluka.

Onani zomwe akuchita akafika pakhomo panu. Wodziwa ntchito amayamba wapempha kuona mapoto anu, amayesa kukula kwake, amafunsa komwe mphepo imachokera, amayang'ana denga ndi mazenera a khitchini, ndipo amafufuza dothi lomwe mudzagwiritse ntchito. Amakhala ndi chikombole kapena timitengo ta muyeso. Amene wangofika n'kuyamba kuponda matope osaona mphika ndi umodzi womwe, mubwezeni mwaulemu.

Sankhani wa pafupi. Mbaula ya dothi imang'aluka ndithu, ngakhale yomangidwa bwino, ndipo imafuna kumatidwa ndi kuziridwa kawirikawiri. Mmisiri wa m'mudzi mwanu kapena mudzi woyandikana nawo mudzakumana naye pachigayo, pamaliro kapena kutchalitchi, ndipo sangakuthaweni. Wochokera kutali akalandira ndalama n'kukwera minibasi pa Namadzi, foni yake ikasiya kupezeka mulibenso pogwira.

Musaiwale kuti amisiri ambiri aluso pa ntchito imeneyi ndi amayi. Kuumba, kuzira ndi kuphika akudziwa kuyambira kale, ndipo amamva msanga dandaulo la wophika mnzawo.

Ngati mukugula Chitetezo Mbaula pamsika, mmisiri wake simungamuone, koma ntchito yake mukhoza kuiyesa. Igogodeni ndi chala: yopsa bwino imalira mokweza ngati mphika wabwino, yosapsa kapena yong'aluka m'kati imalira mogontha. Yang'anani ming'alu pafupi ndi khomo, pa zogwirira ndi pa timitu tokhazikapo poto. Tengani poto wanu wa nsima mukamukhazikepo muone ngati sakugwedera. Funsani dzina la gulu lomwe lidaumba.

Mgwirizano ndi malipiro

Gwirizanani zonse ntchito isanayambe, pamaso pa mboni monga nyakwawa, mlimi wotsogola kapena wapampando wa gulu lanu, ndipo zilembedwe ngakhale m'kope la mwana wasukulu. Mulembe mtundu wa mbaula, chiwerengero cha miphika, amene abweretse njerwa, dothi, madzi ndi zitsulo, mtengo wonse, ndi tsiku lomwe mmisiri adzabwerenso kudzaona ntchito yake.

Musalipire ndalama zonse poyamba. Gawani patatu: gawo loyamba poyamba ntchito, lachiwiri akamaliza kumanga, lachitatu mbaula ikauma, mwaphikirapo kwa sabata imodzi kapena ziwiri ndipo wamata ming'alu yoyamba. Ngati mukulipira ndi chimanga, nandolo kapena nkhuku, mulembenso muyeso wake. Mukalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, sungani uthenga wa pafoni ngati umboni.

Funsani mitengo kwa amisiri awiri kapena atatu. Wotchipa kwambiri nthawi zambiri amafulumiza ntchito. Mabanja asanu kapena khumi mukagwirizana, mwachitsanzo kudzera ku banki m'khonde, mukhoza kuitana mmisiri mmodzi, kuumba njerwa limodzi ndi kukambirana mtengo wotsika. Mutu umodzi susenza denga. Muikenso m'mgwirizano kuti aphunzitse mmodzi wa inu kumata ndi kukonza, kuti luso litsale m'mudzi.

Mbaula ikakhala ya bungwe, nthawi zambiri amakupatsani fomu yoti musaine kapena kudinda chala. Mafomu ambiri otere amanena kuti mwapereka kwa bungwelo ufulu wogulitsa kaboni wochokera pa mbaula yanu. Pemphani kuti akuwerengereni m'Chichewa musanasaine. Funsani kuti mgwirizanowo ndi wa zaka zingati, adzakonza ndani mbaula ikawonongeka, zitsulo zikatha adzabweretsa ndani zina, mudzi upindula chiyani, komanso ngati ntchitoyo idadutsa ku khonsolo ya boma ndi kwa mafumu. Lembani dzina la bungwe ndi la woliimira. Munthu wofuna kuti mulipire ndalama ya kalembera kuti mudzalandire mbaula yaulere mtsogolo, kamunenezeni kwa mfumu ndi kwa mlangizi.

Akadzabwera ochita kafukufuku kudzafunsa momwe mbaula ikugwirira ntchito, nenani zoona. Ngati mudasiya kuigwiritsa ntchito, nenani chifukwa chake. Ambiri mumayankha zokondweretsa mlendo poopa kuti mudzamanidwa thandizo lina, koma mayankho otere ndi amene amabisa ntchito yoipa ndi kulemeretsa ochita chinyengo.

Nthawi yomanga ndi kuyamba kuphika

Nthawi yabwino yomanga ndi mukamaliza kukolola, kuyambira mu Meyi mpaka Okutobala, pomwe njerwa zimauma bwino ndipo ntchito ya kumunda yachepa. Yambani mwakonza denga la khitchini. Mbaula ikamangidwa, isiyeni iume pang'onopang'ono pamthunzi kwa sabata imodzi kapena ziwiri, malinga ndi nyengo. Mukaiyatsa ili yaiwisi imang'aluka, ndipo pamenepo mlandu si wa mmisiri. Tsiku loyamba sonkhani moto waung'ono. Chotsani phulusa musanayatse moto tsiku lililonse kuti mpweya uzilowa, ndipo phulusalo likathireni pa mulu wa manyowa. Matani ming'alu ikadali yaing'ono.

Utsi usakunamizeni

Ogulitsa ena amanena kuti mbaula yawo imathetsa chifuwa ndi chibayo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pa chaka, choncho vutoli ndi lenileni. Koma kafukufuku wamkulu yemwe adachitika m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi Karonga, wokhudza ana oposa 10,000, yemwe zotsatira zake zidatuluka kumapeto kwa 2016, adapeza kuti ngakhale mbaula zodula zokhala ndi kachipangizo kopemerera moto sizidachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu. Chomwe chidachepa ndi ngozi za ana kupsa ndi moto.

Choncho mbaula iyende limodzi ndi khitchini yolowa mpweya. Muuzeni mmisiri asiye mpata pakati pa khoma ndi denga, ndipo aboole zenera moyang'anizana ndi khomo. Phikirani nkhuni zouma. Mwana asakhale kumsana kapena pafupi ndi moto nthawi yonse yophika. Musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chogona chotseka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, chifukwa makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, womwe umapha anthu ali m'tulo. Ngati mbaula ili ndi chumuni, ionetsetseni kuti yatuluka pamwamba pa denga, siikukhudza udzu kapena mitengo ya denga, ndipo ili ndi potsegula pochotsera mwaye. Chumuni yodzaza mwaye imabweza utsi m'nyumba ndipo imatha kuyaka. Mwana akamapuma mofulumira kapena movutika, thamangirani kuchipatala, musadalire kuti muli ndi mbaula yamakono.

Yesani nokha ngati mwapindula

Simufunika sikelo kapena mlendo wa kafukufuku kuti mudziwe zoona. Musanachotse mafuwa, mangani mitolo ya nkhuni yofanana kukula pogwiritsa ntchito chingwe chimodzi, ndipo werengani mitolo yomwe yatha pa sabata imodzi. Mbaula yatsopano ikauma ndipo wophika waizolowera, bwerezani kwa sabata ina, ndi nkhuni za mtundu womwewo komanso chakudya chofanana. Ngati palibe kusiyana, itanani mmisiri ayesenso khomo, kachipinda ka moto ndi mpata wa mphika musanamupatse gawo lomaliza la ndalama zake. Onaninso kaphikidwe kanu: vundikirani mphika, viikani nyemba ndi nandolo wouma usiku, konzekeretsani zonse musanayatse moto, ndipo zimitsani zikuni mukamaliza.

Mbaula imachepetsa nkhuni zomwe mukufuna, koma siibala nkhuni. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Bzalani keshya, mthethe kapena nsungwi m'malire a munda ndi kuzungulira nyumba. Ku Makoka, pafupi ndi Thondwe, akatswiri akhala akuyesa kulima gliricidia pamodzi ndi chimanga kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo adaona kuti masamba ake amaonjezera chonde pomwe nthambi zake zimapereka nkhuni. Nandolo wa mitengo ikuluikulu amakupatsani ndiwo, ndalama ndi nkhuni pa munda umodzi. Samalaninso zitsa zomwe zikuphukira m'munda, siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo mudule zikhale nkhuni.

Chaka chino, musanapereke ndalama kapena kudinda chala pa fomu iliyonse, pitani mukaone mbaula zitatu zakale za mmisiriyo, mutenge poto wanu wa nsima poyesa, ndipo musunge gawo lomaliza la malipiro mpaka mutawerenga mitolo ya nkhuni. Mukasowa pofunsa, mlangizi wa m'dera lanu alipo kuti akuthandizeni.